Madontho Awiri pa Mikono ya Kachiwala

Pofika seveni koloko m'mawa wa Lachinayi, make Kachiwala anali atatunga kale ndowa zinayi pampopi, atakoleza moto pambaula, atanyika matewera, atasesa pabalaza ndi pakhonde, ataphika phala, ndiponso atawatenthetsera apongozi madzi osamba. Zotsala zinali kuchapa matewerawo, kusoka batani lomwe linathothoka pa malaya a mwamuna wake, kubweza mbale ya anthu a nyumba ya kuseri, ndi kuwenga zikhadabo za mwana. Za zikhadabozi ndi zimene sakanazengereza nazo, chifukwa Kachiwala anali atadzukanso khosi lili psu, kuseri kwa makutu kukuchucha timadzi, manja ali pakhosi pomwepo kukanda ngati akufuna kusenda khungu lonse.

Mwanayu anali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Dzina la Kachiwala anamupatsa agogo ake chifukwa sankakhazikika: ukamuika apa, potembenuka umupeza ali apo. Koma kwa miyezi iwiri tsopano zidzolo zinali zitamufooketsa. Zinkabwera, n'kuyamba kuuma, mayi n'kupumira m'mwamba, kenako n'kubweranso zolusa kuposa kale. Kuchipatala anesi anamupatsa mankhwala opaka n'kunena mawu amodzi okha: "Mayi, chilipo chimene chikumukhudza mwanayu. Mankhwalawa angoziziritsa. Chinthucho mukachipeze nokha kunyumba."

Kuchipeza kwake ndiye kuti? Iye sukulu anailekezera Fomu 2. Mwamuna wake ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ndipo ankabwera kamodzi pa masabata atatu, atatopa ngati thumba. M'nyumbamo munali iye, mwana, ndi apongozi ake aamuna, eni nyumba, amene anthu onse mumsewumo ankawatchula kuti a Masikelo. Zaka makumi atatu anakhala akukonza masikelo a m'misika ndi m'zigayo, ndipo mpaka pano pansi pa bedi lawo panali bokosi la thabwa lokhala ndi miyala yachitsulo yoyesera, uliwonse m'kabowo kake. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, wa benchi yakutsogolo.

Loweruka lililonse kunkabweranso achimwene ake a make Kachiwala, aphunzitsi a sayansi kusekondale. Ankati akubwera kudzaona mphwawo, koma akangomuyang'ana mwana kamodzi, ankakokera mpando pakhonde n'kuyambana ndi a Masikelo. Nkhani yake inali imodzimodzi sabata ndi sabata.

"Madala, anthu ankafa ndi madzi oipa, inu mukuti ndi chifuniro cha Mulungu," ankatero aphunzitsi. "Akanapanda ena kudzuka pomwe anagwada n'kuyamba kuyang'ana, bwenzi lero tikuchiza malungo ndi kwaya."

"Nanga anayamba kuyang'ana chifukwa chiyani, aphunzitsi?" ankayankha a Masikelo, osakweza mawu. "Munthu safunafuna dongosolo pamene akudziwa kuti palibe dongosolo. Mvula ikanakhala ndi mwini wake, dzuwa mwini wake, mphepo mwini wake, aliyense ndi mkwiyo wake, mukanayeza chiyani? Lero kilo, mawa theka, malinga ndi mmene wadzukira. Koma mwini ndi mmodzi, ndipo sasinthasintha. N'chifukwa chake kilo ya kumsika ndi yomweyo ya kuchigayo."

"Aaa, madala! Nanga aja ankapembedza milungu yodzaza dengu, bwanji ankawerenga nyenyezi osaphonya?"

"Ankawerenga nyenyezi za yani?"

Zikafika apa make Kachiwala ankatulukira ndi beseni m'manja. "Mwa anthu awiri ophunziranu, wina andigwirire mwanayu ndikataye madzi."

Pa za zidzolo aliyense anali ndi yankho lake. Aphunzitsi anangosuzumira pakhosi pa mwana n'kugamula kuti ndi mazira, zinalembedwa m'mabuku. A Masikelo anati tipemphere, ndipo ankapempheradi, m'mawa ndi madzulo, mpaka mawu kusasa. Make Kachiwala anachita zonse ziwiri. Ankati ameni, mazira n'kuleka. Masabata atatu mwana osalawa dzira, zidzolo zili pompo.

Ndiye anatenga kalendala yakale ya kampani ya malole n'kuipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pensulo atamangirira ku ulusi. Tsiku limene mwana wadzuka khosi litafiira ankalemba mtanda. Tsiku limene wasintha chinthu ankalemba dzina la chinthucho. Ankasintha chimodzi chimodzi, chifukwa kusintha zonse pakamodzi sakanakwanitsa, komanso akanadziwa bwanji chimene chathandiza? Anasintha sopo wochapira. Anasintha sopo wosambira. Anawiritsa matewera ndi malaya onse mumphika waukulu. Anachotsa bulangeti laubweya lija anagula bambo ake a mwana kumalire. Anathamangitsa mphaka wa kuseri mpaka eni ake anayamba kumuyankha moni ndi mphuno. Mitanda inkangochuluka.

M'mawa wa Lachinayi limenelo, atalemba mtanda wina, anaima kaye n'kuiyang'ana kalendala yonse kuchokera patali, mmene amayang'anira zovala pachingwe. Mitanda inali itandandalika m'mizere iwiri yotsika: Lolemba ndi Lachinayi, Lolemba ndi Lachinayi. Masiku enawo kunali kungouma kwa zilonda zakale. Ngati mwana akudzuka chonchi Lolemba ndi Lachinayi, ndiye kuti chinthucho chimamupeza Lamulungu ndi Lachitatu. Lamulungu agogo ankapita naye kutchalitchi m'mamawa, iye n'kutsatira pambuyo akatha ntchito. Lachitatu masana onse iye ankakhala kunyumba ya loya wina, kusita malaya, mwana atamusiyira agogo omwewo.

Anakhala pamkeka, mwana pamiyendo, n'kuyamba kumuwenga zikhadabo. Atawerama kuti aone kachala kakang'ono, mphuno inafika pafupi ndi khosi. Pansi pa fungo la mankhwala a kuchipatala panali fungo lina, lotsekemera, longa la anthu opita ku ukwati. Fungolo ankalidziwa. Ankalimva tsiku ndi tsiku akamasesa kuchipinda kwa apongozi.

Anadikira mpaka a Masikelo atalowa kubafa. Pawindo la chipinda chawo panali kabotolo ka chitsekerero chagolide, mafuta odzozera amene anabwera nawo kumsonkhano waukulu wa mpingo miyezi iwiri yapitayo. Tsiku limene anabwera nako kanali kodzaza mpaka pakhosi. Tsopano mafuta anali atatsala pang'ono pansi. Anatsegula n'kununkhiza, n'kutsekanso msanga ngati wagwira chamoto.

Tsiku lonselo ntchito sinayende. Matewera anawatsukuluza kawiri osadziwa, batani analisokera pamalo olakwika. Ankaona mmene zinthu zinkayendera: mwana akatupa, agogo amamva chisoni n'kumudzoza kwambiri, akamudzoza kwambiri, mwana amatupa kwambiri. Ndipo anthu ake ndi awa amene ankamuyendetsa mwanayo pakhonde maola awiri akumuimbira, amene anamutenga iye ngati mwana wawo pamene anabwera ndi pathupi ndi chikwama chimodzi. Anaganiza zokataya mafutawo n'kuthiramo ophikira, koma fungo likanamuulula. Anaganiza zobisa botolo, koma akanakagula lina. Anaimbira foni mwamuna wake.

"Iwe, usawayambe madala," anatero mwamunayo, injini ikulira kumbuyo. "Amene aja ndi mafuta opemphereredwa. Dikira ndibwere."

"Mubwera liti?"

"Sabata ya mawa ikatha."

"Pamenepo pali ma Lamulungu awiri ndi Lachitatu limodzi. Khosi lake mwaliona?"

Foni inaduka, kaya ndi netiweki kaya ndi chala.

Lachisanu m'mawa anawapatsira apongozi tiyi pakhonde, n'kukhala pansi chapatali pang'ono, kalendala ili m'manja. Anawaonetsa mizere iwiri ija. Anafotokoza za sopo, za bulangeti, za mphaka. A Masikelo ankagwedeza mutu, akukondwera ndi ntchito yolongosoka, mpaka pamene anatchula botolo. Kapu inaima m'malere.

"Mukuti chiyani, make mwana?"

"Ndikuti mwina ndi mafuta aja, bambo. Ndikupempha tiike kadontho kamodzi pamkono pake, tione."

"Mukufuna kuyesa Mulungu m'nyumba mwanga?"

"Mulungu ayi, bambo. Ndikufuna kuyesa botolo."

"Mafuta amene anagwiridwa ndi manja a atumiki asanu ndi awiri, awotche mwana? Mdzukulu wanga, ndimuwotche ine?" Anaika kapu pansi tiyi asanathe, n'kulowa kuchipinda. Masana chakudya chinabwerera mmene chinapitira, chovundikira chake osatsegulidwa.

Loweruka aphunzitsi anafika ndi nyuzipepala kukhwapa. Mlongo wawo anawakokera kukhitchini n'kuwanong'oneza, akuyembekeza kuti amuthandiza mawu. Iwo anaomba m'manja n'kuseka mpaka a kuseri anasuzumira.

"Si ndinanena ine! Madala, tulukani mudzamve! Zaka zonsezi ndikukuuzani kuti zinthu zanuzi..."

"Munanena mazira, achimwene," anawadula. "Masabata atatu mwana wanga akulirira dzira chifukwa cha inu. Munayesa chiyani inu? Munangosuzumira. Khalani apo, mutseke pakamwa."

Aphunzitsi anakhala, pakamwa pali yasa.

Make Kachiwala anagogoda kuchipinda kwa apongozi. Chitseko chinali chosakhoma. Anawapeza atakhala pabedi, botolo lili m'manja. Iye anagwada, n'kukoka bokosi la miyala pansi pa bedi, n'kulitsegula. Miyala inali mbuu ndi fumbi, waukulu kumanzere, kutsika mpaka kakang'ono ngati njere ya nyemba.

"Bambo, ndifunse nawo. Sikelo ya abusa ikabwera kwa inu, munkaiyesa kapena munkangoti ndi ya abusa?"

"Ndinkaiyesa."

"Inayamba yapezekapo yolakwa?"

"Kamodzi. Ya kunkhokwe ya mpingo, yogawira chimanga amasiye. Inkadya magalamu mazana awiri pa kilo. Sipuling'i inali itatopa."

"Munatani?"

"Ndinanena. Anandikwiyira mwezi wathunthu."

"Mulungu anakukwiyirani?"

A Masikelo anamuyang'ana kupyolera pamwamba pa magalasi.

"Ine sindinaphunzire, bambo," anapitiriza make Kachiwala. "Koma Loweruka lililonse ndimakumvani pakhondepo ndikutsuka mbale. Mumati Iye ndi mmodzi, sasinthasintha. Ndiye ngati chinthu chikuwotcha khungu Lachitatu, chiwotchanso Loweruka, kaya chapemphereredwa kaya ayi. Ngati sichiwotcha, sichiwotcha, ndipo ndidzagwada pompano kupepesa. Ineyo kalendala ija ndinailemba podalira mawu anu omwewo. Akanakhala wosinthasintha, bwenzi mitanda ili balala."

Pabalaza Kachiwala anayamba kulira, kulira kwa kuyabwa kumene onse m'nyumbamo anali atakuzolowera. A Masikelo anatseka maso. Kenako anadzuka, mawondo akulira.

"Kayesedwe kanuko n'kolakwa," anatero.

"Bambo?"

"Dontho limodzi pamkono umodzi, mudziwa chiyani? Mwina mwanayu mafuta alionse amamutupitsa. Mwina ndi pulasitala yomwe mumatepo. Sikelo siyesedwa ndi mbale imodzi. Bweretsani mafuta anu ophikira."

Anakhala pathebulo la pabalaza, magalasi pamphuno, manja a malaya atapinda, nkhope ya kuntchito imene make Kachiwala anali asanaionepo. Anathira mafuta ophikira pang'ono m'kasosala, n'kuika manja pamwamba pake, n'kupemphera pemphero lonse limene ankanena podzoza mwana, osadumpha liwu.

"Kuti mbali zonse zikhale ndi pemphero," anafotokoza. "Mkono wina ukatupa, pasapezeke munthu wonena kuti latupitsa ndi pemphero." Anaponya diso kwa aphunzitsi.

Anatenga timitengo tiwiri ta machesi, n'kudula mitu, kuti madontho akhale ofanana. Anasankha malo ofanana mkati mwa mikono, zala ziwiri kutsika kuchokera pachigongono, pomwe panalibe chidzolo n'chimodzi chomwe. Kumanzere mafuta ophikira, kumanja a m'botolo. Pulasitala anaidula ndi lumo zidutswa ziwiri zofanana.

"Aphunzitsi, lembani nthawi. Kapena kusukulu kwanu simulemba?"

Aphunzitsi analemba pakona ya nyuzipepala: kota pasiti leveni. "Komatu madala mukanakhala mu labotale," anang'ung'udza.

"Ndinali mu labotale zaka makumi atatu. Inu mumaitcha msika."

Anagwirizana kudikira mpaka Lolemba m'mawa, ndipo botolo analiika m'bokosi la miyala, kiyi n'kumupatsa make mwana. Masiku awiriwo anali aatali. Make Kachiwala anamuveka mwana malaya a manja aatali n'kumanga kumapeto ndi timaliboni kuti asamatule. Ankangopezeka waima pakati pa nyumba, tsache m'manja, osakumbuka kumene amapita. Akaganiza kuti mkono wakumanja utupa, ankawamvera chisoni apongozi. Akaganiza kuti sutupa, ankaona miyezi ina iwiri ya mitanda, ndi iye atagwada kupepesa. Ndipo pansi pa zonsezo panali chinthu chimene sankafuna kuchiyang'ana: kuti iye mwini, mayi, wapereka mkono wabwinobwino wa mwana wake kuti auwotche dala.

Lamulungu a Masikelo anapita kutchalitchi okha. Anaima pakhomo kanthawi, akuyang'ana mwana, manja ali lende ngati aiwala katundu. Pofika masana Kachiwala anali atayamba kukhuza mkono wakumanja pamwendo wa mpando. Mayi ake anaona. Agogo ake, pobwera, anaonanso.

Lolemba aphunzitsi anadzera pomwepo popita kusukulu, tayi ili m'thumba. Khosi la mwana, koyamba pa ma Lolemba asanu ndi atatu, linali louma, lopanda chofiira chatsopano. Anamukhazika pathebulo pafupi ndi windo. Make Kachiwala anamatula pulasitala yakumanzere: khungu linali see, kamzere ka guluu basi. Anamatula yakumanja. Panali chibanthu chofiira kukula kwake ngati batani la jekete, timatuza titatu pakati.

A Masikelo anapukuta magalasi, n'kuwerama, n'kuyang'ana mkono uwu, n'kuyang'ana uwo. Anatenga rula n'kuyeza chofiiracho m'litali ndi m'lifupi, ngati pali wina adzawafunsa. Kenako ananyamula mwanayo n'kumukumbatira pachifuwa, nkhope atabisa m'tsitsi lake.

"Pepa, mayi wanga," ananong'ona. "Agogo ako ndi chitsiru."

"Ayi, bambo," anatero make Kachiwala. "Simunkadziwa."

"Sindinkafuna kudziwa. Lachisanu lija ndinali nditadziwa kale."

Aphunzitsi anakhosomola, n'kuyamba kuti, "Mwaona tsopano, sayansi ikati..."

"Sayansi yake iti, ya mazira?" anatero a Masikelo osatembenuka. "Amene wapeza ndi mwana uyu, pokhulupirira kuti mwini chilengedwe sanama."

"Ndipo amene anamuchedwetsa ndi ndani? Akanakhala sopo bwenzi titamutaya kalekale. Botolo munaliopa chifukwa..."

"Achimwene, belu lalira kusukulu kwanu," anatero make Kachiwala. "Bambo, ndipatseni mwanayo ndimupake mankhwala. Zinazo mudzamalize Loweruka."

Iye ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, botolo alitaye kudzala. Koma Lachitatu a Masikelo anavala jekete, n'kupempha kiyi wa bokosi, n'kupemphanso kalendala. Anati mabotolo otere anagulidwa ambiri pamsonkhano uja, ndipo amadziwa makanda awiri mumpingo amene amayi awo akudandaula za zidzolo. Make Kachiwala anawachonderera kuti angowanong'oneza amayiwo kumbali. Iwo anati sikelo ikapezeka yolakwa sunong'oneza, umaimata chizindikiro aliyense aone. Tsiku limenelo iye anapita kokasita ndi mwana kumbuyo.

A Masikelo anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, jekete paphewa. Anali ataimirira pamsonkhano wa akulu n'kunena zonse: kuti mafutawo anawasakaniza ndi zonunkhiritsa zimene khungu la ana ena silikugwirizana nazo, kuti anayesa ndi manja awo, kuti pemphero lilibe mlandu koma botolo. Amene ankagulitsa mabotolowo anali mlamu wawo wa abusa. Akulu anzawo anawauza a Masikelo kuti akayambe apumula pa ukulu miyezi itatu, akasinkhesinkhe, ndipo azikhala benchi yakumbuyo.

"Kumbuyo kuli mphepo yabwino," anatero, n'kupempha madzi akumwa. Koma kapu ankaigwira ndi manja awiri.

Zonse pamodzi zinadya izi. Miyezi iwiri ya kukanda, ndi timabala tiwiri kuseri kwa khutu lakumanzere timene mwina sitidzatha. Masabata atatu opanda dzira. Bulangeti labwinobwino limene analipereka kwa anthu ena. Moni wa a kuseri, amene mpaka lero sanabwerere chifukwa cha mphaka. Chibanthu cha pamkono chinatenga masiku asanu ndi anayi kuti chizimiririke, ndipo masiku onsewo make Kachiwala ankachiyang'ana pomusambitsa n'kudziwa kuti anachipempha yekha. Mwamuna wake atabwera anakhala masiku awiri akumuyankha ndi mutu, akuti wawachititsa manyazi bambo ake. Amayi atatu a kumpingo anasiya kumupatsa moni, mmodzi anabwera mozemba kudzafunsa kalembedwe ka kalendala. A Masikelo anataya benchi imene anakhalapo zaka khumi ndi zisanu. Mwana amamupemphererabe m'mawa uliwonse, dzanja louma pamutu, atayamba asamba m'manja ndi sopo wa mwanayo.